Mmene mungayesere nokha ngati kuwala ndi mafunde kapena tizidutswa

Wophunzira aliyense amene wafika pa mutu wa kuwala m'phunziro la fizikisi amatha kunena pamtima kuti kuwala ndi mafunde komanso ndi tizidutswa, koma ndikamufunsa chimene iye mwini anaona chomutsimikizira zimenezo, nthawi zambiri amangoloza buku. Ine ndimakhulupirira kuti mawu amenewa sayenera kulowezedwa munthu asanaone umboni wake ndi maso, chifukwa akalowezedwa okha amamveka ngati akudzitsutsa, ndipo mwana woganiza bwino amayamba kukayikira ngati asayansi akudziwa zimene akunena. Malangizo awa ndawalembera mphunzitsi, kholo kapena wophunzira amene akufuna kuyesa yekha, ndipo zipangizo zake zimapezeka m'misika ya Limbe ndi Blantyre kapena m'nyumba mwanu momwemo. Ndikupempha kuti mutsatire ndondomeko yake osadumpha, kuyambira ku zoonetsa mafunde kenaka ku zoonetsa tizidutswa, pakuti funso lenileni limabadwa pokhapokha mbali yoyambayo itakhazikika m'maganizo.

Zofunika kukhala nazo

Chipangizo chachikulu ndi laser yaing'ono yofiira, ija imagulitsidwa ngati cholozera kapena chokoloweka ku makiyi. Sankhani yofiira, ndipo pa kapepala komatidwa pa iyo pakhale polembedwa kuti mphamvu yake siposa 1 mW. Malaser obiriwira otchipa kawirikawiri amakhala amphamvu kuposa zomwe zalembedwapo, ndipo ena amatulutsanso kuwala kosaoneka komwe kungawononge diso. Pa kapepala komweko mupezanso nambala ina, nthawi zambiri 650 nm, yomwe ndi kutalika kwa funde limodzi la kuwalako, ndipo muilembe m'kope chifukwa muigwiritsa ntchito kangapo. Zilembo nm zikuimira nanomita, ndipo m'milimita imodzi muli mananomita 1,000,000. Pezaninso malezala awiri atsopano akuthwa mbali zonse, kandulo, kachidutswa ka galasi loonekera, CD yakale, katoni, selotepi, mapegi oyanikira zovala, tepi yoyezera ya telala kapena ya kalipentala, ndi pepala loyera. Zofunika pa gawo lachiwiri ndizitchula tikafika kumeneko.

Musanayatse laser, gwirizanani ndi onse amene ali m'chipindamo kuti palibe woloza nayo munthu kumaso, palibe wosuzumira m'kabowo kake, ndipo aliyense aziima kumbuyo kwake. Ana asatuluke nayo panja kukaloza galimoto pamsewu kapena ndege zopita kukatera ku Chileka, chifukwa kuwala kwake kumathobwa woyendetsa m'maso ngakhale ali kutali. Chipinda chikhale chamdima ndithu, chokhala ndi mtunda wa mamita 3 kuchoka patebulo kufika kukhoma, ndipo usiku umene magetsi azima m'dera lonse ndiye nthawi yabwino kwambiri. Panani batani la laser ndi pegi kuti isazime, ndipo muimate patebulo kapena pa njerwa ndi selotepi, popeza dzanja la munthu limanjenjemera kuposa mmene mwini wake amaganizira.

Yambani ndi beseni la madzi

Thirani madzi pang'ono m'beseni lalikulu, muwasiye adikhe, kenaka muviike nsonga za zala ziwiri nthawi imodzi mobwerezabwereza. Chala chilichonse chitulutsa mafunde ozungulira, ndipo pamene akumanirana muona malo ena madzi akuvina kwambiri pomwe malo ena ali ngati sakugwedezeka. Nsonga ya funde ikakumana ndi nsonga inzake zimaphatikizana, koma nsonga ikakumana ndi chigwa cha funde lina zimafafanizana. Gwirani mfundo imeneyi, chifukwa ndi chizindikiro cha mafunde okha. Miyala iwiri ikagwa malo amodzi sisanduka malo opanda mwala, koma mafunde awiri akhoza kukumana n'kusiya bata.

Tsitsi limodzi patsogolo pa laser

Dulani bowo la makona anayi pakati pa kakatoni, ndipo mumangepo tsitsi limodzi choimika, mutalikoka kuti liwongoke, n'kulimata pamwamba ndi pansi. Ngati tsitsi lanu ndi lalifupi, ulusi umodzi wa mesh kapena kawaya kamodzi kamkuwa kochokera mkati mwa waya wofewa wa magetsi zigwira ntchito yomweyo. Imikani kakatoniko ndi mapegi pafupi ndi laser, ndipo mukasunthe pang'onopang'ono mpaka kuwala kugunde tsitsilo pakati penipeni.

Musanayang'ane kukhoma, aliyense ayambe wanena chimene akuyembekezera. Ambiri amati paoneka kadontho kofiira kodulidwa pakati ndi kamthunzi kowonda, ndipo zikanaterodi kuwala kukanakhala timiyala touluka mowongoka. Chimene muone ndi mzere wautali wopingasa, wodukaduka, wokhala ndi timizere towala tolekanitsidwa ndi timipata tamdima, kumanja ndi kumanzere mofanana. Kuwala kwadutsa mbali zonse ziwiri za tsitsi, kwakhotera kumbuyo kwake, ndipo kochokera mbali imodzi kwakumana ndi kochokera mbali inayo. Timipata tamdima tija ndi malo amene kuwala kwakumana ndi kuwala n'kubala mdima, monga madzi odikha aja a m'beseni.

Tsopano matani pepala loyera kukhoma, mulembe ndi pensulo pakati pa kampata kalikonse kamdima, muyatse nyali ndi kuyeza mtunda wa pakati pa timipata toyandikana ta mbali imodzi. Kuti kulakwitsa kuchepe, yezani kuchoka pa kampata koyamba kufika pa kachisanu, kenaka mugawe ndi 4. Kunenepa kwa tsitsi kumapezeka pochulukitsa kutalika kwa funde limodzi la kuwala ndi mtunda wofika kukhoma, n'kugawa ndi mtunda wa pakati pa timipata, zonse zili m'mamilimita. Tiyerekeze kuti mwapeza mamilimita 24. Mananomita 650 ndi mamilimita 0.00065, mamita 3 ndi mamilimita 3,000, ndipo mukachulukitsa ziwirizi mupeza 1.95, yomwe mukaigawa ndi 24 ikupatsani mamilimita 0.08. Tsitsi la anthu ambiri limakhala pakati pa mamilimita 0.05 ndi 0.1, choncho yankho lotere ndi lomveka. Yesani tsitsi la anthu angapo, ndipo muona kuti lowonda kwambiri ndi limene limamwaza kuwala motalikira. Ophunzira amadabwa nazo zimenezi, ndipo ndi bwino kuwasiya adabwe kaye musanawaonetse kuti chiwerengero chija chikunena zomwezo.

Kuwala kolowa mumthunzi kotereku kunathandiza kuthetsa mkangano wa zaka zoposa 100. Christiaan Huygens wa ku Netherlands analemba m'chaka cha 1690 kuti kuwala ndi mafunde, Isaac Newton m'buku lake la 1704 anatsamira ku tizidutswa, ndipo kutchuka kwa Newton kunachititsa kuti maganizo ake alamulire kwa nthawi yaitali. M'chaka cha 1818 Augustin Fresnel anapereka masamu a mafunde a kuwala ku mpikisano wa asayansi ku Paris. Mmodzi mwa oweruza, Siméon Poisson, anawerengetsa n'kupeza kuti ngati Fresnel akulondola, pakati penipeni pa mthunzi wa chinthu chozungulira payenera kuoneka kadontho kowala, ndipo anaganiza kuti zimenezi n'zosatheka. François Arago anayesa, ndipo kadonthoko kanapezekadi.

Timipata tiwiri pa galasi lodetsedwa ndi mwaye

Gawo ili ndi limene limafuna kudekha kwambiri, ndipo musagwe mphwayi likakanika koyamba. Pukutani galasi lija, muligwire ndi pegi, ndipo muliyendetse pamwamba pa lawi la kandulo mpaka mbali imodzi ide bii ndi mwaye. Musalisiye malo amodzi, chifukwa galasi likatentha mbali imodzi limasweka. Likazizira, phatikizani malezala awiri aja mothinana, nsonga zawo zilingane, muwamange ndi selotepi, ndipo mbali yomwe mugwire muikulunge kuti musadzicheke. Kokani nsonga ziwirizo pa mwayewo kamodzi kokha, mopepuka, motsatira rula. Mupeza timizere tiwiri toonekera totalikirana molingana ndi kukhuthala kwa lezala limodzi, komwe ndi pafupifupi mamilimita 0.1. Chitani zimenezi malo anayi kapena asanu pa galasi lomwelo kuti mudzasankhe pomwe patuluka bwino. Chakumapeto kwa galasilo kokaninso mzere umodzi wokha ndi lezala limodzi, ndipo muusunge chifukwa tiufuna pomaliza.

Imikani galasi patsogolo pa laser kuti kuwala kugwere pa timizere tiwiri tonse nthawi imodzi. Khalani mumdima mphindi zisanu kuti maso azolowere, chifukwa kuwala kodutsa timipata totere n'kochepa. Kukhoma muona timadontho towala totsatizana, totalikirana mofanana ngati mikanda pa ulusi. Chiwerengero chake ndi chomwe chija: 1.95 mukaigawa ndi 0.1 ikupatsani mamilimita pafupifupi 20 pakati pa kadontho ndi kanzake. Mukaona kuwala kopaka popanda madontho, ndiye kuti timizere tija taphatikizana kapena mwaye unali wochepa, ndipo muyese malo ena. Mukaona madontho othinana kwambiri kuposa pamenepo, ndiye kuti malezala anatalikirana pokoka.

Zimene mwachitazi ndi zomwe zimadziwika ndi dzina la Thomas Young, dokotala wa ku England amene m'chaka cha 1803 anafotokozera bungwe la Royal Society ku London mmene anagawira kuwala kwa dzuwa ndi kapepala kopyapyala n'kuona mizere ya kuwala ndi mdima. Iye analibe laser, anali ndi kabowo pa chotseka zenera basi, koma kuchokera m'miyeso yotere anawerengetsa kutalika kwa mafunde a mitundu yosiyanasiyana ya kuwala. Funso lakuti chimene chikugwedezeka m'mafundewa n'chiyani analiyankha James Clerk Maxwell m'chaka cha 1865, poonetsa kuti ndi mphamvu za magetsi ndi za maginito zoyenda limodzi pa liwiro la makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi.

Kuyeza kutalika kwa funde ndi CD

Mpaka pano takhala tikukhulupirira nambala yolembedwa pa laser, ndipo tsopano tiiyese tokha. Pa CD pali timizere tozungulira totalikirana mananomita 1,600, ndipo timagwira ntchito ngati timipata zikwizikwi tondandalikidwa pamodzi. Boolani kabowo pakati pa katoni yaikulu, muike laser kumbuyo kwake kuti kuwala kutulukire pa kabowoko, ndipo muimike CD masentimita 30 kutsogolo, mbali yonyezimira itayang'ana katoni. Lozani kumanja kapena kumanzere kwa bowo la pakati pa CD, ndipo muitembenuze mpaka kadontho kobwerera kagwere pa kabowo komwe kuwala kwatulukira. Samalani maso apa, chifukwa kuwala kukubwerera m'njira zingapo.

Pa katoni paoneka timadontho tiwiri towala bwino, kena kumanja kena kumanzere, pa mtunda wa masentimita pafupifupi 13.3 kuchoka pa kabowo. Yezaninso ndi tepi mtunda wopendekera kuchoka pomwe kuwala kwagunda CD kufika pa kadonthoko, ndipo mupeza masentimita pafupifupi 32.8. Gawani 13.3 ndi 32.8, yankho lake mulichulukitse ndi 1,600, ndipo mufika pafupi ndi 650. Izi zikutanthauza kuti m'milimita imodzi mumakwana mafunde oposa 1,500 a kuwala kofiira, ndipo inu mwawayeza ndi tepi ya telala. Kenaka zimitsani laser ndi kuyang'ana CD yomweyo pa kuwala kwa kandulo. Mitundu ya utawaleza yomwe muone ikuchokera pa mfundo yomweyi, pakuti diso limaona mafunde kuyambira pafupifupi mananomita 400 a vayoleti kufika 700 a kufiira, ndipo mtundu uliwonse ukubwerera molunjika kwake.

Mukadziwa zimenezi mumayamba kuziona mumzinda monse. Mafuta a galimoto oyandama pa chithaphwi ku depoti ya Wenela mvula ikagwa amaonetsa mitundu chifukwa kuwala kobwerera pamwamba pa mafutawo kumakumana ndi kobwerera pansi pake. Nyengo ya chiperoni, mu June ndi July, timphete tamitundu tozinga mwezi kapena getsi la pamsewu timabwera chifukwa cha kuwala kokhota pa timadontho ta nkhungu. Usiku wopanda mitambo, yang'anani getsi limodzi lakutali la m'mapiri a Ndirande kapena Soche kudzera pa nsalu yopyapyala yolukidwa mothinana, monga ya ambulera, ndipo muona getsilo litasanduka kamtanda ka timadontho.

Chinthu chowala mumdima ndi nyali za mitundu iwiri

Pofika apa aliyense m'chipindamo ayenera kukhala wotsimikiza kuti kuwala ndi mafunde, ndipo ndi pamene mbali yachiwiri imagwira mtima. Pezani chinthu chapulasitiki chomwe chimawala mumdima chikakhala padzuwa, monga korona yoyera mobiriwira ija imagulitsidwa pafupi ndi matchalitchi kapena tinyenyezi tomata kudenga. Pezaninso kagetsi ka LED kabuluu, kapena tochi ya UV (kuwala kwa mafunde aafupi kuposa a vayoleti) imene amalonda amaunikira ndalama zapepala poona ngati ndi zenizeni, yomwenso siyenera kulozedwa m'maso. Tsekerani chinthu chowalacho m'kabati usiku wonse kuti kuwala konse kuthe.

Mumdima, chiunikeni ndi laser yofiira malo amodzi kwa mphindi yathunthu, kenaka muzimitse. Malowo sawala. Tsopano chiunikeni ndi kagetsi kabuluu kwa sekondi imodzi yokha, ngakhale muli patali pang'ono kotero kuti kuwalako ndi kofooka, ndipo mukazimitsa muona chikuwala mobiriwira. Bwerezani kangapo, mukusintha nthawi ndi mtunda, ndipo mulembe zotsatira zake.

Apa imani, ndipo mulole ophunzira alimbane nalo funsoli. Laser inathira mphamvu zambiri pamalo ochepa kwa nthawi yaitali, pomwe kagetsi kabuluu kanathira zochepa kwa kanthawi. Kuwala kukanakhala kuti kumapereka mphamvu zake mosalekeza ngati madzi odzaza ndowa, laser ndi imene ikanapambana. Chimene chalamulira apa ndi mtundu wa kuwala, osati kuchuluka kwake. Fanizo limene ndapeza kuti limamveka ndi la kugenda mango: mchenga wodzaza ndowa mukamauponya kanjere kamodzikamodzi simungathothole ngakhale bango limodzi la zipatso, koma mwala umodzi wolemera mokwanira umathothola pomwepo. Kuti elekitironi (kachidutswa kochepetsetsa konyamula magetsi) ya m'pulasitikimo ikwere kufika pomwe ingasunge mphamvu, iyenera kulandira mlingo wokwanira pa kugunda kumodzi, ndipo kugunda kochepa, kaya kuchuluke motani, sikuphatikizana.

Zofanana ndi zimenezi zinayamba kuonedwa pa zitsulo. Heinrich Hertz anaona m'chaka cha 1887 kuti kuwala kwa UV kumathandiza mphaliwali ya magetsi kudumpha pakati pa zitsulo ziwiri, ndipo Philipp Lenard anapeza m'chaka cha 1902 kuti kuwonjezera kuwala kumachulukitsa maelekitironi otuluka m'chitsulo koma sikuwonjezera mphamvu ya elekitironi iliyonse. Albert Einstein, ali ndi zaka 26 ndipo akugwira ntchito ku Bern, anafotokoza m'chaka cha 1905 kuti kuwala kumapereka mphamvu zake m'timitolo, ndipo mphamvu ya kamtolo kalikonse ndi chiwerengero cha mafunde odutsa pa sekondi chochulukitsidwa ndi nambala imene Max Planck anaipeza m'chaka cha 1900. Mafunde akafupika amachuluka pa sekondi, ndipo kamtolo kamalemera. Robert Millikan, amene sankagwirizana ndi maganizo a timitolowa, anayeza mosamala kwa zaka zingapo ndipo m'chaka cha 1916 anapeza kuti chiwerengero cha Einstein chikulondola. Mphoto ya Nobel ya 1921 imene Einstein analandira inatchula ntchito imeneyi. Dzina lakuti fotoni, lomwe timatchulira kamtolo kamodzi, linafala kuchokera kwa Gilbert Lewis m'chaka cha 1926. Pa muyeso wa mphamvu wotchedwa eV, fotoni ya laser yanu yofiira ili ndi 1.9, ya kagetsi kabuluu ili ndi pafupifupi 2.6, ndipo ya tochi ya UV imaposa 3.

Kuyeza nambala ya Planck ndi timagetsi ta LED

Gawo ili limafuna zipangizo zomwe okonza mawailesi ndi mafoni amakhala nazo, ndipo ambiri a iwo angakuthandizeni kulumikiza. Mufunika batire la mavoti 9, potentiometer ya 10k (chopotoza chosinthira mavoti), resistor ya 1k (chochepetsa magetsi odutsa), multimeter (choyezera magetsi), ndi timagetsi ta LED toonekera, kofiira ndi kabuluu. Koyera musakagwiritse ntchito, chifukwa mkati mwake ndi kabuluu kokutidwa ndi mankhwala osintha mtundu.

Lumikizani miyendo iwiri yakunja ya potentiometer ku mbali ziwiri za batire. Mwendo wapakati upite ku resistor, resistor ipite ku mwendo wautali wa LED, ndipo mwendo waufupi ubwerere ku mbali ya batire yolembedwa chizindikiro chochotsera. Ikani multimeter pa muyeso wa mavoti ndi kugwiritsa mawaya ake pa miyendo iwiri ya LED. Pindani pepala lakuda ngati kapaipi, muveke kagetsiko, ndipo mmodzi asuzumire pamene wina akupotoza potentiometer pang'onopang'ono kuyambira pa ziro. Wosuzumirayo akangoona kuwala koyamba anene, ndipo mulembe mavoti. Kofiira kamayamba kuwala pa mavoti pafupifupi 1.6 kapena kupitirira pang'ono, pomwe kabuluu kamadikira mpaka pafupifupi 2.5. Chifukwa chake n'chakuti elekitironi iliyonse yodutsa imabala fotoni imodzi ikachita bwino, ndipo fotoni yabuluu ndi yodula kuposa yofiira.

Kuti mupeze nambala ya Planck, chulukitsani mavotiwo ndi mlingo wa magetsi a elekitironi imodzi, womwe ndi 1.6 × 10⁻¹⁹, muchulukitsenso ndi kutalika kwa funde m'mamita, kenaka mugawe ndi liwiro la kuwala, mamita 3 × 10⁸ pa sekondi. Kagetsi kabuluu ka mananomita 470 koyaka pa mavoti 2.5 kakupatsani pafupifupi 6.3 × 10⁻³⁴, pomwe nambala yovomerezeka ndi 6.63 × 10⁻³⁴. Yankho lanu kawirikawiri likhala locheperapo, chifukwa kutentha kwa m'chipinda kumathandiza maelekitironi ena kudutsa mavoti asanakwane, ndipo diso lozolowera mdima limaona msanga. Musakonze manambala kuti afanane ndi a m'buku. Lembani zimene mwapeza pamodzi ndi chifukwa chomwe chawasiyanitsa.

Ngati multimeter simunaipeze, tengani rimoti ya TV, muiloze ku kamera ya foni, ndipo mudine batani lililonse. Mafoni ena amatchinga kuwala kumeneku ku kamera yakumbuyo, choncho yesaninso yakutsogolo. Pa sikirini muona kagetsi kakuthwanima, koma ndi maso simuona kanthu. Marimoti ambiri amatulutsa mafunde a mananomita 940, omwe fotoni yake ili ndi 1.3 eV, yochepa kwa diso koma yokwanira kwa silicon ya m'kamera, imene imafuna 1.1 eV yokha. Malire omwewa ndi amene amalamulira sola ya padenga: kuwala kwa mafunde otalika kuposa mananomita pafupifupi 1,100 sikubala magetsi mu silicon, ngakhale kuchuluke chotani.

Kuphatikiza mbali ziwirizi

Ndiyenera kunena mosabisa kuti zoyesera za m'nyumbazi zikuonetsa kuti kuwala ndi zinthu zimapatsirana mphamvu m'timitolo, koma sizikuonetsa fotoni imodzi payokha. Laser ya 1 mW imatulutsa mafotoni oposa mathiriliyoni 3,000 pa sekondi, ndipo n'chifukwa chake kuwala kwake kumaoneka kosalala. Umboni wa fotoni imodzi unafuna zipangizo zapamwamba. M'chaka cha 1909 G. I. Taylor, ku Cambridge, anafooketsa kuwala ndi magalasi odetsedwa ndi utsi mpaka chithunzi chimodzi cha mthunzi wa singano chinatenga pafupifupi miyezi itatu, koma mizere ya mafunde inaonekabe monga kale. M'chaka cha 1986 Philippe Grangier, Gérard Roger ndi Alain Aspect ku France anatumiza mafotoni imodziimodzi pa galasi logawa kuwala pawiri, ndipo anapeza kuti fotoni imapezeka mbali imodzi kapena inayo, siigawika. Atalumikizanso njira ziwirizo kuti zikumane, mizere ya kuphatikizana ndi kufafanizana inabwerera. Khalidweli si la kuwala kokha, pakuti Louis de Broglie ananena m'chaka cha 1924 kuti maelekitironi nawonso ali ndi mafunde, ndipo Clinton Davisson ndi Lester Germer anazitsimikiza m'chaka cha 1927.

Pofotokozera ophunzira, pewani kunena kuti kuwala nthawi zina kumakhala mafunde ndipo nthawi zina kumasanduka tizidutswa, ngati kuti kumasintha malaya. Pewaninso chithunzi cha kampira koyenda mokhotakhota ngati njoka, chifukwa ndi cholakwika ndipo chimavuta kuchichotsa m'mutu. Mawu olondola kwambiri ndi akuti kuwala kukamayenda kumatsatira masamu a mafunde, koma kukamafika pa chinthu kumapereka mphamvu zake malo amodzi, kamtolo kathunthu. Mafundewo ndi amene amanena kuti fotoni ili ndi mwayi wochuluka motani wogwera pamalo akutiakuti. Pa madontho owala a kukhoma kuja pamagwa mafotoni ambiri, ndipo pa timipata tamdima sipagwa pafupifupi iliyonse.

Wophunzira wina adzafunsa ndithu kuti fotoni imodziyo inadutsa kampata kati mwa tiwiri tija. Musafulumire kumuyankha ndi mawu, koma bwererani naye ku galasi lamwaye. Unikaninso timipata tiwiri, ndipo iye alembe ndi pensulo pa pepala la kukhoma malo atatu kapena anayi amdima a pakati pa madontho. Osasuntha laser kapena pepalalo, sunthani galasi lokha mpaka kuwala kugwere pa mzere umodzi uja munausunga. Madontho aja asowa, patsala kuwala kotambalala, ndipo malo amene iye anawalemba kuti ndi amdima tsopano akuwala. Njira ikakhala imodzi mafotoni amafika pamalopo, koma njira yachiwiri ikatseguka amasiya kufikapo, ndipo zimenezi zimachitikabe ngakhale akamadutsa imodziimodzi. Mupempheni alembe m'kope lake, m'mawu akeake, mmene fotoni yodutsa kampata kamodzi kokha ingadziwire kuti kenako n'kotseguka, ndipo mumupatse nthawi yokwanira musanayatse nyali.